Nyali Zolankhula za Pamalire: Luso Lake Lili Pati, Nanga Ife Tingayambire Pati?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina amene amatsogoleranso gulu la achinyamata okonda zisudzo ndi ndakatulo. Walemba kuti: "Ndinaona pa foni kanema wa nyali zikuluzikulu zikuwomba kumwamba usiku pa malire a Mexico ndi America, anthu a mbali ziwirizo akulankhulana kudzera m'nyalizo. Akuti ndi ntchito ya zaluso. Ine sindikumvetsa. Luso lili pati, poti olankhulawo ndi anthu wamba ndipo mmisiriyo sanaseme kapena kujambula kanthu? Nanga ife a gulu lathu, opanda ndalama za nyali zoterozo, tingachite china chofanana nacho kwathu kuno?"

Aphunzitsi, funso lanu loyambalo ndi lomwenso akatswiri a zaluso amakangana nalo mpaka lero, ndipo ndiyamba ndi ilo, chifukwa mukaligwira bwino, la ndalamalo lipepuka lokha.

Chimene munaonacho dzina lake ndi Border Tuner. Anachikonza ndi Rafael Lozano-Hemmer, mmisiri wobadwira ku Mexico City mu 1967 amene amakhala ku Montreal m'dziko la Canada. Chinachitika kwa masiku 12 mu Novembala 2019 pakati pa mizinda iwiri yoyang'anizana, El Paso ku America ndi Ciudad Juárez ku Mexico. Mizindayi ili ngati mudzi umodzi umene mtsinje ndi mpanda wachitsulo zinaudula pakati, abale ena uku, ena uko. Mbali iliyonse anaikako malo atatu olankhulirapo. Pamalo aliwonse panali maikolofoni, sipika ndi kagudumu kotembenuza ndi dzanja. Munthu akatembenuza kagudumuko, nyali zamphamvu za pamalo akewo zinkasuntha, kuwala kwake n'kumayendayenda m'mwamba ngati tochi ya munthu wofunafuna mbuzi yosochera. Koma mawu ake sankawoloka pokhapokha kuwala kwakeko kutakumana ndi kuwala kwa munthu wina. Zikangopingasana m'mwambamo, kompyuta inkatsegula njira, awiriwo n'kuyamba kumvana, ndipo kuwalako kunkathwanima motsatira kukwera ndi kutsika kwa mawu awo. Mmodzi akapotoza kagudumu kake, njira ija inkatsekeka.

Taimani kaye pamenepo. Ku El Paso mafoni aliko, ku Juárez aliko. Wofuna kulankhula ndi m'bale wake wa kutsidya sankasowa nyali. Chimene Lozano-Hemmer anapanga ndi lamulo la masewerawo, loti sumveka ngati wina kutsidyako sanatembenukire kwa iwe, ndipo nawenso uyenera kumufunafuna. Kutchera khutu, chinthu chosaoneka ndi maso, anakusandutsa mlatho wa kuwala umene mizinda yonse iwiri inkauona. Muganizirenso nthawi yake. Panali patangopita miyezi itatu kuchokera pa 3 Ogasiti 2019, tsiku limene munthu wamfuti anawombera anthu m'sitolo ina yaikulu ku El Paso, n'kuphetsa anthu 23, ndipo anauza apolisi kuti ankafuna anthu a ku Mexico. Anthu olira maliro otere akamaona kuwala kwa mbali ziwiri kukugwirana chanza m'mwamba, sankaona magetsi chabe.

Ntchito za mtundu umenewu Angerezi amazitcha installation. Chithunzi cha pakhoma umachiyang'ana utaima patali, koma izi umalowamo, zimakuzungulira, ndipo zina siziyenda konse ngati iwe sunachitepo kanthu. Mmisiri wake sasema mtengo. Amasema malo, nthawi ndi malamulo oti anthu akumanirepo: ndani alankhule, kwa nthawi yotalika bwanji, womvera aime pati, mawuwo akathere kuti. Kwa ife izi si zachilendo kwenikweni. Agogo akati "Padangotelo", nthano siyenda mpaka ana ayankhe kuti "Tili tonse", ndipo ana akasiya kuyankha agogo amadziwa kuti tulo tafika, nthano imathera pomwepo. Amene anayambitsa kayankhidwe kameneka anali mmisiri ndithu, ngakhale dzina lake linapita ndi mphepo, chifukwa anamulowetsa womvera mkati mwa nthano n'kumupatsa mphamvu yoiimitsa.

Mwa ntchito zonse za Lozano-Hemmer, imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya kale pang'ono, Voz Alta, mawu a Chisipanishi otanthauza kulankhula mokweza. Pa 2 Okutobala 1968, kutatsala masiku 10 kuti masewera a Olympics ayambe ku Mexico City, asilikali anawombera ophunzira amene anasonkhana pa bwalo la Tlatelolco. Chiwerengero cha akufa anthu amatsutsanabe, chifukwa boma la nthawiyo linabisa zambiri, ndipo kwa zaka nkhaniyi inali yongonong'onezana. Mu 2008, patatha zaka 40, mmisiriyu anaimika chimkuzamawu pabwalo lomwelo kuti aliyense afike n'kulankhula. Mawu a munthu ankasanduka kuthwanima kwa nyali imene inkawomba pamwamba pa nyumba yaitali yomwe kale inali ya unduna woona za maubale ndi mayiko akunja, ndipo kuchokera pamenepo nyali zina zitatu zinkamwaza kuwalako mumzinda. Woona kuthwanimako ali kutali ankatsegula wailesi ya yunivesite ya UNAM pa 96.1 FM n'kumva zonenedwazo nthawi yomweyo. Pakasowa wolankhula, makinawo ankaulutsa mawu osungidwa, maumboni a opulumuka, nyimbo ndi zokamba za 1968. Amoyo akapuma, zakale zinkalankhula. Anthu anabwera ndi zawo, ena umboni wa tsiku la chiwembulo, ena ndakatulo, ena mpaka kufunsira mbeta pamaso pa mzinda wonse, ndipo panalibe wosefa mawu.

Apa ndiye ndikuchenjezeni, aphunzitsi, chifukwa ndi pamene magulu ambiri amapunthwira. Munthu akaona ntchito ngati zimenezi amayesa kuti chinsinsi chake ndi maikolofoni: uiimike pamsika, ulengeze kuti aliyense alankhule, basi zatheka. Ine ndinachitapo zimenezo ndikungoyamba ntchitoyi, pa bwalo lina la mpira, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Tinabwereka zokuzira mawu, tinamemeza anthu, tinati lero aliyense anene za kukhosi kwake pa vuto la madzi m'deralo. Analankhula ndi abambo 6, omwe aja olankhula pamaliro, pa msonkhano wa makolo kusukulu ndi pa zachitukuko. Amayi amene amalawirira 4 koloko m'bandakucha kukandanda pamjigo anakhala pansi chapatali, manja ali pamiyendo. Titatseka, mayi wina wachikulire anandikokera pambali n'kundifotokozera mwakachetechete zonse zimene tinabwerera, za mjigo umene umauma mu Okutobala, za atsikana ochedwa kusukulu, za mikangano ya pamzere. Makina tinali titazimitsa kale.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti maikolofoni ya pabwalo imakuza amene ali kale ndi mawu. Chofuna luso ndi kukonza malo oti wamanyazi alankhule, komanso oti wodutsa ndi njira aime, atonthole, amve. Mbali ya kumva imeneyi ndi imene amisiri abwino amathera nayo nthawi, ndipo ambiri mwa iwo safuna nyali ngakhale imodzi.

Janet Cardiff wa ku Canada mu 2001 anatenga nyimbo ya kutchalitchi imene Thomas Tallis anapeka ku England cha m'ma 1570, yoimbidwa ndi mawu 40 osiyana, m'magulu 8 a anthu asanuasanu. Pogwira ntchito ndi kwaya ya ku Salisbury Cathedral, woimba aliyense anamujambula payekha, n'kumupatsa sipika yakeyake. Masipika 40 amenewa amawaimika mozungulira chipinda, pa msinkhu wa mutu wa munthu. Ukaima pakati umamva kwaya yonse ikukukuta ngati chimvula. Ukasendera pa sipika imodzi umamva munthu mmodzi, kupuma kwake, kudikira kwake kuti nthawi yake yolowa ikwane. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mphindi zitatu za nyimbo isanayambe. Cardiff sanadule phokoso la oimba akukonzekera: wina akutsokomola, ana a m'kwaya akunong'onezana, wina akuseka. Womvera amayamba wadziwa kuti m'sipikamo muli munthu, ndiye nyimbo ikayamba, anthu ena amagwetsa misozi. Inu amene mumaphunzitsa ana kuimba mukudziwa kuti mu kwaya mawu a mwana mmodzi amamira. Cardiff anabweza mwana mmodziyo osaphwanya kwaya.

Pafupi ndi kwathu, James Webb wa ku South Africa anayamba ntchito yotchedwa Prayer mu mzinda wa Cape Town m'chaka cha 2000, ndipo waibwereza m'mizinda ina monga Johannesburg ndi Chicago. Mzinda uliwonse umene wapita, amayenda m'matchalitchi, m'mizikiti, m'makachisi ndi kwa okhulupirira za makolo, n'kupempha kuti ajambule mapemphero awo. Kenako amayala kapeti yofiira, n'kuikapo masipika 12 pansi, onse akulankhula nthawi imodzi. Ukamayenda utavula nsapato umangomva chiphokoso cha mapemphero osakanikirana. Kuti umve pemphero limodzi bwinobwino, uyenera kugwada n'kutsitsa khutu pa sipikayo. Mwaona zimene wachita? Mkhristu akupezeka wagwada pomvera pemphero la Msilamu, Msilamu wagwada pomvera la Mhindu, popanda wowalamula. Luso lonse lagona pa ganizo limodzi, loika masipika pansi m'malo mowapachika m'mwamba. Ganizo limenelo silifuna ndalama.

Shilpa Gupta wa ku India anachita china chofanana ndi mwambi. Anapachika maikolofoni 100 m'chipinda cha mdima, pansi pa iliyonse pali chitsulo chosongoka chobaya pepala la ndakatulo ya mlakatuli amene anamangidwapo kapena kuphedwa chifukwa cha mawu ake. Maikolofoniwo anawatembenuza kuti azitulutsa mawu m'malo mowalandira, zimene n'zotheka chifukwa mkati mwa maikolofoni wamba ndi mkati mwa sipika muli zinthu zofanana, maginito ndi kawaya kokulungidwa. Umafika pa chida cholankhulira, icho n'kukuuza kuti lero umve ndiwe. Ntchitoyi inaonetsedwa ku Venice, m'dziko la Italy, mu 2019.

Ndiye pali ina imene ilibe womvera konse, ndipo sindingaidumphe. M'tauni ya Otsuchi ku Japan, bambo wina wokonza minda ya maluwa, Itaru Sasaki, msuweni wake atamwalira mu 2010, anaimika kanyumba koyera ka lamya m'munda mwake paphiri loyang'ana kunyanja. Mkatimo anaikamo lamya yakale yakuda yopukusa manambala, yosalumikizidwa ku waya uliwonse, kuti azilankhula ndi malemuyo, mawu azitengedwa ndi mphepo. Pa 11 Malichi 2011 chivomezi ndi chigumula cha m'nyanja chotchedwa tsunami zinakokolola tauniyo, n'kutenga pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 aliwonse, ambiri matupi awo osapezeka. Sasaki anatsegula kanyumbako kwa aliyense, ndipo anthu masauzande akhala akukwera phirilo, kutseka chitseko, kunyamula lamya n'kunena zimene sanathe kunena. Palibe chojambulidwa, palibe choulutsidwa. Ndimaiganizira kwambiri ndikakumbukira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anasiya mabanja ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe opanda manda oti akalirepo. Sindikuti mukamange kanyumba ka lamya, chifukwa maliro kwathu ali ndi miyambo yake ndi eni ake. Ndikungofuna muone kuti nthawi zina ntchito ya mmisiri ndi kupereka chitseko chotseka.

Tisanafike pa zimene gulu lanu lingachite, pali nkhani ya matope. Walira mvula walira matope, ndipo woitana mawu a anthu waitananso zotsatira zake. Mu 2009, pa chionetsero chachikulu cha zaluso ku Havana, Tania Bruguera wa ku Cuba anaika nsanja ndi maikolofoni n'kupatsa aliyense mphindi imodzi yolankhula chilichonse mosaopa. Anthu awiri ovala ngati asilikali ankaika nkhunda yoyera paphewa la wolankhula, kukumbutsa za nkhunda imene inatera paphewa la Fidel Castro, mtsogoleri wakale wa dzikolo, mu Januwale 1959, ndipo mphindi ikatha ankamutsitsa. Anthu pafupifupi 40 analankhula, ena kupempha ufulu poyera. Pofuna kubwereza zimenezi pa bwalo lalikulu la mzindawo pa 30 Disembala 2014, Bruguera anagwidwa ndi apolisi, pasipoti yake inalandidwa kwa miyezi, ndipo ena amene anabwera kudzalankhula anatsekeredwanso. Iye ndi wodziwika padziko lonse, nkhani yake inalembedwa m'manyuzipepala akunja. Wolankhula wamba alibe chishango chotero. Chionetsero chikatha, iye amatsala komweko ndi anthu amene anamumva.

Akuluakulu a kwathu amazidziwa zimenezi m'mafupa. Amene anakula nthawi ya chipani chimodzi amakumbukira kuti mawu onenedwa m'basi kapena pamowa ankatha kumufikitsa munthu ku ndende ya Mikuyu, ndipo kalata ya maepiskopi a Katolika yowerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inagwedeza dziko chifukwa zonong'onezana zinamveka mokweza pagulu. Gogo akamakana kujambulidwa mawu, musamuyese wotsalira. Ali ndi zifukwa zake.

Mmisiri amene ndimamulemekeza pa nkhani imeneyi ndi Krzysztof Wodiczko wobadwira ku Poland. Mu 2001 ku Tijuana, mzinda winanso wa pamalire a Mexico ndi America, amayi ogwira ntchito m'mafakitale anavala kamera ndi maikolofoni kumutu, nkhope zawo n'kuonetsedwa zazikulu pa nyumba yobulungira ya malo a zachikhalidwe a mzindawo, uku akufotokoza za nkhanza za kuntchito ndi za m'banja. Anthu amatama usiku wa chionetserowo, koma ine ndimatama miyezi ya m'mbuyo mwake, imene amayiwo anakhala akukumana mothandizidwa ndi bungwe la amayi la mumzindamo, kukambirana ndi kusankha okha choti anene ndi choti asunge. Pofika pabwalo, palibe amene anadzidzimutsidwa ndi mawu ake omwe.

Tsopano za gulu lanu. Nyali za Border Tuner zisiyeni, zimafuna ndalama zankhaninkhani ndi akatswiri a makompyuta. Tengani lamulo lake, loti womvera achitepo kanthu kuti amve. Ndikupatsani njira imodzi imene ndikudziwa kuti imatheka ndi zinthu za pamsika, inu muisinthe momwe mungaonere.

Pezani mtengo wa mthunzi, wa mango kapena mkuyu, pamalo odutsa anthu koma patali ndi chigayo ndi masipika a ogulitsa nyimbo. Bwerekani mitsuko yadothi 8 kapena 10. Gulani kapena bwerekani timawailesi tating'ono tija tolowa memori khadi, totchaja ndi sola. Mu mtsuko uliwonse muikemo kawailesi kamodzi kakubwereza mawu a munthu mmodzi, a mphindi imodzi kapena ziwiri. Mitsukoyo italikirane mapazi anayi kapena asanu. Chachikulu ndi ichi: tsitsani voliyumu mpaka munthu woima chilili azingomva kung'ung'udza. Achinyamata anu adzafuna kukweza, muwaletse. Dothi limakuza mawu pang'ono n'kuwatulutsira kukamwa kwa mtsuko, choncho wofuna kumva adzawerama kapena kunjuta, ndipo munthu wonjuta pa mtsuko salankhula, amamva. Mudzaona bambo wa jekete atagwada pafumbi akumvetsera mawu a mtsikana wa Sitandade 7, zimene pa msonkhano wa makolo sizichitika.

Mawuwo muwajambule pasadakhale, munthu mmodzimmodzi, kumene iye ali womasuka, kaya pakhonde pake, kaya kuseri kwa nkhokwe. Foni wamba ndi yokwanira. Muigwire patali ngati chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono kuti mpweya wa zilembo ngati p ndi b usamaphulike, ndipo kukakhala mphepo muiveke sokosi yoyera. Nyumba yofolera ndi udzu imajambulitsa bwino kuposa kalasi ya malata ndi simenti, momwe mawu amabwerera. Musadule kupuma, kuseka kapena kukayika kwa munthu, ndipo musatume wachinyamata wa mawu okoma kuti akawerenge zimene gogo ananena. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Gogo amveke yekha, ndi Chichewa chake, Chiyao chake kapena Chilhomwe chake.

Funso limene mudzafunse ndi theka la ntchito yonse. Mukafunsa kuti "Mukuganiza bwanji za chitukuko?" mudzalandira mawu a pamsonkhano, omwe aja anthu amanena akaona galimoto ya bungwe. Funsani kanthu kakang'ono kogwirika. Ndi mawu ati amene amayi anu ankakonda kunena? Ndi phokoso liti la m'mudzi muno limene silimvekanso? Pamenepo wina adzakuuzani za kugunda kwa musi pamtondo m'bandakucha, ndipo mwina adzakuimbirani nyimbo ya pamtondo, imene amayi akale ankadzudzulira mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta mudzi wonse ukumva, popanda woitanidwa ku bwalo. Kapena, ngati dera lanu lili ngati madera ambiri a kwathu, funsani kuti: mukanakhala ndi mphindi imodzi ndi munthu wanu amene anapita ku Joni, mukanamuuza chiyani? Apa mungathe kufika pafupi kwambiri ndi zimene munaona pa kanema uja. Pemphani abale amene ali ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town atumize mawu awo pa WhatsApp poyankha funso lomwelo, aziuza akumudzi. Mitsuko ya akumudzi muindandike mbali imodzi ya mtengo, ya akutali mbali inayo. Womvera aziwoloka yekha ndi mapazi ake.

Musiyenso khomo loti womvera ayankhire. Mangani kachisakasa ka mphasa chapambali, mukhale wachinyamata mmodzi wodekha ndi foni, kuti amene zamukhudza alowe n'kusiya mawu ake popanda gulu lomuyang'ana. Mitsuko ikachepa, bwerekani nzeru ya Voice Tunnel, imene Lozano-Hemmer anachita mu 2013 mu msewu wa pansi pa nthaka wa Park Avenue ku New York, ndi nyali 300 ndi masipika 150: mawu atsopano akalowa, akale ankasunthira kutsogolo malo amodzi mpaka kutulukira kumapeto. Inunso tsiku lililonse mawu atsopano alowe mu mtsuko woyamba, ena asendere, a kumapeto apume. Anthu adzabweranso mawa kudzaona pamene mawu awo afika.

Za chilolezo musazitenge mopepuka. Kaonaneni ndi amfumu, ndipo ngati ndi m'tauni, a khonsolo. Wolankhula aliyense mumuuze musanajambule kuti mawu ake adzamveka kuti, kwa masiku angati, ndipo pambuyo pake adzasungidwa kapena kufufutidwa. Mukajambula mumumvetsere yekha kaye, ndipo akhale ndi ufulu wonena kuti chotsani, ngakhale tsiku lachitatu la chionetsero. Kusatchula dzina sikubisa munthu, chifukwa m'mudzi aliyense amadziwika ndi mawu ake, ngakhale kutsokomola kwake. Kuvomera kuti mawu amveke pansi pa mtengo si kuvomera kuti aikidwe pa Facebook, chimenecho ndi chilolezo china, ndipo kuyambira 2024 dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zokhudza munthu payekha, la Data Protection Act. Ana osakwana zaka 18 pafunika mawu a makolo awo.

Pa kusefa, ine ndimasiyana pang'ono ndi Lozano-Hemmer. Ku Mexico City, mzinda wa anthu mamiliyoni, mawu osasefa anali mankhwala a zaka 40 za kutsekedwa pakamwa. M'mudzi wa mabanja 200 mawu amodzi atha kuwotchetsa nyumba. Lamulo langa ndi limodzi: munthu anene za iye mwini, asaloze chala munthu wodziwika. Makamaka mawu onena wina kuti ndi mfiti asalowe mu mtsuko ngakhale pang'ono. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo tonse tamvapo za agogo ophedwa ndi gulu chifukwa cha mphekesera zotere. Dandaulo la mjigo wowonongeka kapena mankhwala osowa kuchipatala lilowe, limenelo ndi la tonse. Konzekeraninso kuti m'kachisakasa muja tsiku lina mwana adzanena za nkhanza zimene akuchitiridwa kunyumba. Zimenezo si za mu mtsuko. Wachinyamata wanu adziwe kuzimitsa foni, kumvetsera mpaka mwanayo amalize, n'kubwera kwa inu, ndipo inu mukhale mukudziwa kale kumene kuli ofesi yosamalira anthu ya m'boma lanu, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndi nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Ena adzakufunsani monga munandifunsira ine, kuti kodi mitsuko yolankhulayi ndi luso kapena ndi kafukufuku. Muwayankhe ndi mmene mwaikonzera. Kusankha mtengo, kutalikirana kwa mitsuko, mawu ati ayandikane ndi ati, kuti a mwana akhale pafupi ndi a gogo kapena a wamasiye pafupi ndi a mkwatibwi, nthawi ya tsiku pamene dzuwa lapendeka ndipo anthu sakuthamanga, zonsezi ndi zosankha za mmisiri, ndipo zikasankhidwa mosasamala anthu amadutsa osaima. Yesani kaye ndi gulu lanu lokha, musunthe mitsuko kangapo, mumve kusiyana kwake.

Koma sabata yoyamba musajambule kanthu. Mu 1966 ku New York, woimba ng'oma wina dzina lake Max Neuhaus ankasonkhanitsa anthu ngati akupita nawo ku konsati, n'kuwadinda padzanja liwu lachingerezi lotanthauza kuti mvetsera, kenako n'kuyenda nawo m'misewu, pansi pa milatho ndi pafupi ndi nyumba zopangira magetsi, osalankhula chilichonse. Chitani zomwezo ndi achinyamata anu. Nyamukani pasukulu masana, mudutse pamjigo, pamsika, pa siteji ya kabaza, mpaka kudambo, mafoni ali m'thumba, pakamwa pali potseka, kwa mphindi 30. Mukafika, mukhale pansi, aliyense atchule zimene wamva, kuyambira chapafupi kwambiri mpaka chakutali kwambiri. Kenako muwafunse kuti pa ulendo wonsewo ndi anthu ati amene anawaona koma sanawamve mawu. Mayina a magulu amene adzatchulewo muwalembe, ndipo Loweruka lotsatira muyambire pakhomo pa amenewo.